Bilimankhwe Amene Sachedwa ndi Uthenga

Wolemba Mtolankhani Wathu

Makolo athu ali ndi nthano yakuti pachiyambi Chauta anatuma bilimankhwe kwa anthu ndi uthenga wa moyo, koma iye poyenda mwa chizolowezi chake, mwendo uwu lero, mwendo uwo mawa, anapitiriridwa ndi buluzi amene ananyamula uthenga wa imfa. Ana a sukulu amaiseka nthanoyi, komatu m'kati mwake muli nzeru, pakuti uthenga wabwino ukafika mochedwa ulibe phindu. Mlimi amene wazindikira ludzu la chimanga chake masamba atafota kale, mayi amene waona chuku mtedza utaonongeka kale m'thumba, namwino amene wazindikira chikasu khanda litaleka kale kuyamwa, onsewa uthenga anaulandira ndithu, koma buluzi atafika kale.

Kwa zaka zambiri tsopano anthu ophunzira m'masukulu aukachenjede a maiko osiyanasiyana akhala akufunafuna njira zofulumizitsira uthenga wotere. Apanga tizipangizo ting'onoting'ono timene pa Chingerezi amati sensor, ndiko kunena kanthu kamene kamamva chimene diso ndi chala cha munthu sizingathe kumva, ndi kumuuza munthuyo nthawi isanathe. Lero tifuna kufotokozera owerenga athu za tizipangizo titatu totere: ka m'munda, ka m'nkhokwe ndi ka m'chipatala. Tonse titatu tinapangidwira anthu opanda chuma chambiri, ndipo tiwiri mwa ito tinayesedwa m'dziko lathu lino.

LUDZU LA NTHAKA

Aliyense amene anagwirapo ntchito pa sikimu ya mthirira adziwa funso limene limasautsa mlimi m'mawa uliwonse: kodi lero ndithirire kapena ndileke? Iye amayang'ana pamwamba pa nthaka napeza kuti pauma gwa, pakuti dzuwa la September ndi October silichedwa kuumitsa dothi la pamwamba. Koma mizu sikhala pamwamba. Pansi, pamene mbewu imamwera, pangathe kukhala chinyontho chokwanira masiku angapo. Popeza mlimiyo sangaone pansipo, ndiponso popeza tsiku lake lolandira madzi m'ngalande likapita ayenera kudikira lina, amathirira chifukwa cha mantha ngakhale mbewu isanamve ludzu.

Kuipa kwake kuli patatu. Choyamba, feteleza akalowa m'nthaka, chakudya chachikulu chimene mbewu imafuna chimasanduka mchere wotchedwa naitireti, ndipo mcherewu umasungunuka m'madzi monga wa m'ndiwo. Madzi akachuluka amapita nawo pansi kumene mizu siifika, kotero thumba la feteleza limene munthu anagula atagulitsa mbuzi limathera pansi osabala kanthu. Chachiwiri, mizu nayo imapuma. Nthaka ikakhala yonyowa kosalekeza mpweya umasowa ndipo mbewu imachita chikasu. Mlimi poona chikasucho ayesa ndi ludzu, nawonjezeranso madzi. Chachitatu, madzi amene aonongeka kumtunda kwa ngalande ndi omwewo amene asowa kwa anzathu a kumunsi, ndipo apa mpamene pamabadwira milandu imene alangizi ndi mafumu aidziwa bwino.

Munthu amene anaika mtima pa vuto limeneli ndi Dr. Richard Stirzaker, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku CSIRO, bungwe la Boma la Australia lofufuza za sayansi. Iye anayamba ndi chida chooneka ngati fanulo yaikulu, chimene anachiyesa kwa zaka zingapo pamodzi ndi aphunzitsi a pa Yunivesite ya Pretoria ku South Africa. Fanuloyo imakwiriridwa m'munda. Madzi othiriridwa akatsika kufika pamenepo amasonkhana pansi pake, nakankha kachizindikiro kamene kamatumphuka pamwamba pa nthaka ngati kunena kuti, basi, madzi afika, tsekani. Nchifukwa chake anachitcha FullStop. Madzi osonkhanawo angathe kutengedwa ndi kuyesedwa ndi kapepala kosintha mtundu, ndipo mlimi amaona ndi maso ake ngati feteleza wake akali pa mizu kapena wathawa. M'chaka cha 2003 chida chimenechi chinalandira mphoto ya bungwe la maiko onse loona za mthirira.

Pambuyo pake anapanga china chimene anachitcha Chameleon, ndiye bilimankhwe m'chinenero chathu. Kagwiridwe kake ka ntchito nkotere. Timibulu titatu tating'ono, tokutidwa ndi dothi loyera lotchedwa gypsum, timakwiriridwa pa misinkhu itatu: kena pafupi ndi pamwamba, kena pakati pa mizu, kena pansi pake. M'kati mwa kambulu kalikonse muli timawaya tiwiri. Nthaka ikanyowa, kambuluko kamamwa madzi ndipo magetsi amadutsa mosavuta pakati pa timawayato. Nthaka ikauma imatsopa madzi m'kambulumo ndipo magetsi amadutsa movutikira. Mlimi amalumikiza kabokosi kam'manja ku nsonga za mawaya zimene zatsala pamwamba, ndipo tinyali titatu timayaka, kalikonse kunena za msinkhu wake. Kabuluu ndiko kuti nthaka ndi yonyowa. Kobiriwira ndiko kuti chinyontho chilipo chokwanira. Kofiira ndiko kuti pauma.

Tizindikire kuti chimene chida ichi chimayesa ndi mphamvu imene muzu uyenera kuononga kuti umwe madziwo. Nchimodzimodzi munthu wodya nzimbe: yofewa madzi ake amatuluka msanga, youma amatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Ubwino wa kuyesa kotere ndi wakuti kanyali kofiira kali ndi tanthauzo limodzi kaya pa mchenga kaya pa makande. Akatswiri amawerenga mphamvuyi ndi muyeso wotchedwa kilopascal: kufika pafupifupi 20 ndi pabuluu, kuchokera apo kufika 50 ndi pobiriwira, kupitirira 50 ndi pofiira. Koma mlimi safunika kuloweza manambalawa. Agogo amene sanapondepo m'kalasi ndi pulofesa wa pa Yunivesite amawerenga tinyalito mofanana.

M'chaka cha 2013 Australian National University ya ku Canberra, ndi ndalama za Boma la Australia, inayamba kafukufuku wa zida zimenezi pa masikimu 6: Mkoba ndi Silalatshani ku Zimbabwe, Kiwere ndi Magozi ku Iringa m'dziko la Tanzania, ndi 25 de Setembro ndi Khanimambo ku Mozambique. M'chaka cha 2015 ntchito ina yotchedwa Virtual Irrigation Academy inazibweretsa kuno kwathu kudzera m'nthambi ya Boma yofufuza za ulimi, ndipo malo ofufuzira a Kasinthula ku Chikwawa anatenga mbali yaikulu. Zimene ofufuza analemba nzakuti alimi ambiri anapeza kuti minda yao inali yabuluu nthawi zonse, ndiko kuti anali kuthirira mopitirira. Atachepetsa madzi, zokolola zinakwera, mikangano ya pa ngalande inachepa, ndipo nthawi imene inkathera pa kuthirira inapita ku kupalira ndi ntchito zina. Chokondweretsa china nchakuti alimi oyandikana nao, amene analibe chida, anatsanzira poona minda ya anzao.

Komabe tisaganize kuti bilimankhwe ameneyu ndiye amabweretsa madzi kapena kukonza ngalande yogumuka. Ofufuzawo anadziwa zimenezi, ndipo pambali pa zidazo anakonza mabwalo pamene alimi, ogula mbewu, ogulitsa feteleza ndi antchito a Boma ankakumana kukambirana za misika ndi mitengo. Mlimi amene alibe kogulitsa tomato wake sasamala kaya kanyali kafiira kaya kabiriwira. Koma m'dziko limene m'mwezi wa March 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi chifukwa cha chilala, kudziwa tsiku loyenera kuthirira ndi nkhani ya chakudya cha mtundu wonse.

MDANI WOSAONEKA M'NKHOKWE

Kukolola si kutha kwa nkhondo. M'chaka cha 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England ndi nthenda yosadziwika. Atafufuza anapeza kuti zinadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, umene unali ndi chuku cha mtundu wotchedwa Aspergillus flavus. Poizoni wa chuku chimenechi anamutcha aflatoxin. Iye amaononga chiwindi, ndipo munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri angathe kudwala khansa ya m'chiwindi. Kuphika sikumuthetsa, ndipo nthawi zina amakhalamo ngakhale m'mbewu yooneka bwino. M'chaka cha 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga choterechi.

Nkhaniyi ikhudzanso thumba. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu ukhale ndi poizoniyu woposa magawo 4 pa biliyoni, ndiko kunena magalamu 4 okha pa matani 1,000 a mtedza. Chalimbana wathu kale ankagulidwa kwambiri ku Ulaya, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene msika umenewo unativuta.

Chuku chimakonda chinyontho. Mbewu ikauma bwino sichimera. Koma nanga munthu adziwa bwanji kuti yauma bwino? Ife tinazolowera kuluma njere ndi mano kapena kugwedeza mtedza kuti timve kulira kwake. Njira zimenezi nzothandiza, koma zimanama kawirikawiri, pakuti dzino silisiyanitsa chimanga chouma ndi chimene chatsala pang'ono kuuma, ndipo pang'ono pomwepo mpamene chuku chimalowera. Makina oyesera chinyontho alipo, koma mtengo wake mlimi wamba sangaufike.

Aphunzitsi awiri a pa University of California ku Davis, Michael Reid ndi James Thompson, anapanga khadi laling'ono lokwana m'thumba la malaya, nalitcha DryCard. Pakati pake pali kampepala ka mankhwala otchedwa cobalt chloride. Aphunzitsi a sayansi m'masekondale athu akadziwa kale kampepala kameneka, pakuti ndi komweko kamene amayesera nako madzi m'kalasi: kakauma kamakhala kabuluu, kakanyowa kamasanduka kapinki. Munthu amathira mbewu pang'ono m'botolo kapena m'pepala la pulasitiki, naikamo khadi, natseka zolimba, nadikira pakati pa mphindi 30 ndi ola limodzi. M'nthawi imeneyi chinyontho cha m'mbewu ndi cha mumpweya wa m'botolo zimalingana, ndipo khadi limaonetsa mtundu wake. M'mbali mwa kampepalako muli mitundu yofanizira ndi mzere pa nambala 65, popeza chinyezi cha mumpweya chikakhala pansi pa magawo 65 pa 100 chuku sichimera. Likaonetsa pinki, mbewu ibwerere padzuwa.

Nzeru yake ili apa. Chimanga chosungika bwino chimafunika chikhale ndi chinyontho cha magawo pafupifupi 13 pa 100, pamene mtedza umafuna 7 kapena 8, ndipo mbewu iliyonse ili ndi nambala yake. Koma poyesa mpweya wozungulira mbewuyo, mzere umodzi wa 65 umakwanira chimanga, nyemba, mtedza, ngakhale mfutso. Khadi lomwelo ligwira ntchito kambirimbiri ngati lisungidwa pouma. M'chaka cha 2017 linapambana mphoto yoyamba pa msonkhano wa maiko a mu Africa wokambirana za kasungidwe ka zokolola ku Nairobi, ndipo eni ake anaphunzitsa amalonda ang'onoang'ono a maiko monga Rwanda ndi Tanzania kuti azipanga okha makhadiwo.

Apanso tichenjeze. Khadili limangonena ngati mbewu yauma. Silinena ngati poizoni walowa kale. Chuku chingathe kuyambira m'munda mtedza ukavutika ndi ng'amba, ndiponso chimalowa pamene anthu awaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa kapena kuti ulemere pa sikelo. Chizolowezi chimenecho palibe khadi lingachithetse. Chifuna mlangizi, mfumu ndi mphunzitsi.

DONTHO LA MAGAZI KU GULUPU

Kachipangizo kachitatu ndi ka ana obadwa kumene. Pafupifupi ana 6 mwa 10 obadwa pa nthawi yake, ndi 8 mwa 10 obadwa masiku asanakwane, amachita chikasu m'sabata yoyamba. Gwero lake nlakuti maselo ofiira a m'magazi akatha ntchito amasweka natulutsa chinthu chachikasu chotchedwa bilirubin, chimene chiwindi ndicho chimachichotsa. Koma chiwindi cha khanda chikali chanthete. Kwa ana ambiri chikasuchi chimatha chokha. Kwa ena chimakwera mpaka kulowa mu ubongo, ndipo mwana angathe kugontha, kulumala kapena kumwalira.

Mankhwala ake ndi kuwala. M'chaka cha 1956 namwino wina, Sister Jean Ward wa pa chipatala cha Rochford ku England, anaona kuti ana amene ankawatulutsa padzuwa chikasu chao chinkachepa, ndipo m'chaka cha 1958 madokotala a pomwepo anafalitsa zotsatira za kuyesa kwao. Lero mwana amagonekedwa pansi pa nyali zabuluu. Chovuta nkudziwa kuti ndi mwana uti afunika nyaliyo ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Diso limanama, makamaka pa khungu lakuda ngati lathu, ndipo makina a m'labotale ndi odula, amafuna mankhwala ake ndi magetsi osadukiza, ndiponso yankho lake limachedwa.

Ophunzira ndi aphunzitsi a pa Rice University ku Houston m'dziko la America, motsogozedwa ndi Pulofesa Rebecca Richards-Kortum, anapanga kabokosi koyendera batire kotchedwa BiliSpec. Namwino amabaya khanda pa chidendene, nadonthetsera magazi pa kapepala kamene kamagwira maselo ofiira ndi kulola madzi a m'magazi okha kudutsa. Kapepalako kakalowa m'kabokosi, tinyali timawalitsa madziwo, ndipo popeza bilirubin amameza kuwala kwabuluu, kabokosi kamawerenga kuwala kumene kwatsala ndi kupereka nambala m'mphindi ziwiri. Anakayesa pa makanda 68 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene anthu amachitcha Gulupu, mogwirizana ndi madokotala athu monga Dr. Queen Dube, ndipo zotsatira zimene anafalitsa m'chaka cha 2017 zinaonetsa kuti manambala ake anayandikana kwambiri ndi a m'labotale. Mtengo wopangira kapepala kamodzi anauwerengera pa masenti 5 a ku America.

Ubale wa Rice ndi madokotala a ku Blantyre ndi womwewo umene unabala makina othandiza ana kupuma amene anapatsidwa dzina la Chichewa, Pumani. Kafukufuku wa m'chaka cha 2014 anaonetsa kuti mwa ana ovutika kupuma, 71 pa 100 anapulumuka ndi makinawo poyerekeza ndi 44 pa 100 amene anangolandira mpweya wa okosijeni. M'chaka cha 2019 ntchitoyi inakula kukhala mgwirizano wotchedwa NEST360 m'maiko a Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, ndipo mbali yake imodzi ndi kuphunzitsa amisiri okonza makina a m'zipatala.

MAFUNSO AMENE ATSALA KWA IFE

Pali mafunso amene ofufuza a ku Canberra, Davis ndi Houston sangatiyankhire. Loyamba: chida chikaonongeka adzakonza ndani? Tonse tidziwa zipinda za m'maofesi ndi m'zipatala m'mene mwaunjikana makina a mphatso amene anafa chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi. Pa ichi tiyang'ana kwa masukulu athu aukachenjede: LUANAR ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndi MUBAS ndi KUHeS, amene anaima paokha m'chaka cha 2021. Chida chimene mwana wa kuno angathe kuchitsegula, kuchimvetsa ndi kuchikonza ndicho chidzakhalitse.

Lachiwiri likhudza inu a m'maofesi a Boma amene mumalemba ndondomeko za ndalama. Kugula kabokosi nkosavuta, ndipo tsiku loperekera pamakhala zithunzi ndi kuomba m'manja. Koma kabokosi kopanda mapepala ake ndi mabatire ndi chidole chabe. Wolemba bajeti akumbukire chaka chachiwiri ndi chachitatu, pamene alendo obweretsa mphatso apita kwao.

Lachitatu ndilo lalikulu: uthenga ukafika, adzachitapo kanthu ndani? Kanyali kofiira kalibe ntchito ngati komiti ya madzi siilola kusintha tsiku lothirira. Khadi la pinki lilibe ntchito ngati wogula apereka mtengo umodzi pa mbewu youma ndi yonyowa. Nambala ya chikasu ilibe ntchito ngati nyali yabuluu inapsa mwezi watha.

Kwa inu aphunzitsi, musadikire kuti zida zimenezi zifike pa sukulu panu. Pa munda wa sukulu uzani ana akumbe kadzenje patsiku lachiwiri atathirira, afinye dothi la pa mizu m'manja, alembe m'kope zimene apeza sabata ndi sabata. Nthawi yokolola tengani botolo louma, muthiremo chimanga ndi mchere wouma bwino, mutseke, mugwedeze, ndipo patapita mphindi 15 mugwedezenso: mchere ukakakamira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Mwana amene waphunzira kuyesa asanaweruze ndi yemweyo amene mawa adzakhala mlangizi, namwino kapena mmisiri wopanga zida zathuzathu. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo nthaka, mbewu ndi magazi zimayankha amene wazifunsa nthawi ikalipo.